Leni yapadera ya magalimoto odziyendetsa okha pa I-94, alipire ndani?

Ypsi_Ntcheu
Abale ndafuna ndimve maganizo anu makamaka amene mumadziwa za misewu ndi za ndalama za boma. Kuno ku Michigan, ku America, mu Ogasiti 2020 bwanamkubwa Gretchen Whitmer analengeza kuti pakati pa Detroit ndi Ann Arbor, mtunda wa mamailosi pafupifupi 40, pakonzedwa njira yapadera ya magalimoto odziyendetsa okha, aja oti dalaivala mulibe kapena alimo koma chiongolero sakugwira. Ntchito anapatsa kampani ya Cavnue. Kunali zii kwa nthawi ndithu mpaka mu 2024 pomwe anamaliza kachigawo koyeserera ka mamailosi 3 pa msewu waukulu wa I-94 pakati pa Belleville Road ndi Rawsonville Road, anazika mapolo a makamera ndi masensa mamita 200 alionse moyang'ana leni yakumanzere. I-94 ndi msewu wanga wopitira kuntchito nde ndimaziona ndi maso. Chikundivuta nchakuti msewu umenewu unamangidwa ndi misonkho ya aliyense ndipo m'mawa ndi madzulo umadzadza kale, tsono akadzapatula leni imodzi mamailosi onsewo kuti ikhale ya magalimoto oti munthu wamba alibe, otsalafe tidzathithikana m'maleni otsalawo. Komanso ndalama yomangira ndi yosamalira zipangizo zonsezi idzachoka m'thumba la ndani? Amene mukuona ubwino wake ndiuzeni, mwina pali chimene sindikuchiona.

Dalaivala_I45
akumanga khola ng'ombe asanagule achimwene. ayambe akwirira mayenje ali mu I-94 yo, ine ndinadutsako ndi katundu ndikuudziwa msewu umenewo

Injiniya_wa_Tala
Ndiyankheko ngati munthu amene ntchito yake ndi ya misewu, ngakhale sindili ku Michigan. Poyamba tidziwe kuti vuto lalikulu la galimoto yodziyendetsa si msewu ayi, ndi anthufe. Munthu amalowerera kutsogolo kwako osaonetsa indiketa, wina ali pafoni, wina waponda buleki chifukwa akufuna kuonerera ngozi ya mbali inayo. Kompyuta imayenera kulosera zonsezi nde imasiya mpata waukulu ndi kuyenda mwamantha. Mukaichotsera anthu pafupi ntchito yake imapepuka kwambiri.

Chachiwiri leni imodzi ya msewu waukulu imadutsitsa magalimoto pafupifupi 2,000 pa ola ngati oyendetsa ali anthu, chifukwa munthu amafunika kamphindi kuti aone, aganize, kenako aponde buleki. Magalimoto olumikizana pa wailesi, yakutsogolo ikangoponda buleki yakumbuyo yadziwa kale nthawi yomweyo, nde atha kuyenda moyandikana ndipo leni yomweyo nkunyamula ambiri popanda kukulitsa msewu. Kukulitsa msewu mkati mwa tauni ndi kumene kumadya ndalama zoopsa chifukwa pamafunika kugula malo, kugumula nyumba za anthu ndi kumanganso milatho.

Chachitatu mapolo mukuwanenawo amaona patali kuposa galimoto, kuseri kwa khona kapena kwa chitunda. Tayala lagwa pa msewu, galimoto yafera pakati, iwo aona kale nkuuza amene akubwera. Nde nzeru yake ilipo, si misala ayi. Pomwe ndikugwirizana nanu a Ypsi ndi pa nthawi yake ndi pa amene alipire.

MayiWakuLeeds
A Injiniya mwalongosola bwino koma mau omwewa tinauzidwanso kuno ku UK pa nkhani ya smart motorway. Anachotsa kambali kaja koimikapo galimoto ikaonongeka nkukasandutsa leni, amvekere makamera ndi radar ziziona galimoto ikaima ndipo leni izitsekedwa ndi chizindikiro chofiira pamwamba. Anthu anafa ataima pakati pa msewu, mabanja awo anachita kampeni zaka ndithu, ndipo mu Epulo 2023 boma la Rishi Sunak linalengeza kuti silimanganso ina yatsopano. Ine ndikakhala pa M1 ya kuno ku UK ndi ana kumbuyo mtima sukhala m'malo. Zipangizo zimafa, magetsi amathima, ndipo tsiku limenelo amene ali pa msewu ndi munthu wamoyo.

Injiniya_wa_Tala
Mayi zimenezo nzoona ndipo sindingazitsutse. Kungoti kumeneko anachotsa chitetezo chimene chinalipo kale nkuika makamera m'malo mwake, pomwe ku Michigan makamera akubwera ngati choonjezera. Koma phunziro lakuti ndalama yosamalira zipangizo izikhalapo chaka ndi chaka ndi lomwelo. Tala amatha kukhala zaka zambiri, kamera ndi kompyuta zimakalamba msanga.

Joni_Mangochi
inu musavutike kulosera tabwerani mudzafunse ife a ku Gauteng. SANRAL, bungwe la misewu ku South Africa, inakongola ndalama nkukonza misewu ya Joburg ndi Pretoria World Cup ya 2010 isanafike, anamanga zimageti za makamera pamwamba pa msewu kuti aliyense wodutsa azilipira, e-toll inayamba Disembala 2013 ndipo anthu anangokana kulipira, mabilu amabwera anthu osalabadira, ma union ndi mipingo onse kukana, mpaka Epulo 2024 anazithimitsa. ngongole ija sinasowe ayi, boma lalikulu linatenga 70 peresenti Gauteng 30, kutanthauza kuti ndi msonkho wa tonse kuphatikizapo agogo oti sanayendepo pa N1. anthu anakwiya chifukwa msewu unali wawo kale waulere nde wina akubwera kudzati lipira. ku Michigan kwanuko zikayenda choncho muzaona

Ypsi_Ntcheu
@Joni_Mangochi apo mwandikhudza pomwe pali nkhawa yanga. Michigan ilibe msewu waukulu wolipiritsa, timalipira pa milatho monga wa Mackinac ndi yopita ku Canada. Koma mu 2022 anakhazikitsa lamulo lopatsa MDOT, dipatimenti ya zamisewu kuno, mphamvu yosankha msewu kapena leni kuti ikhale ya magalimoto odziyendetsa komanso yolola kuti oigwiritsa ntchito azilipiritsidwa. Nde khomo linatseguka kale. Pakadali pano kachigawo koyesererako aliyense amadutsamo ulere, koma lamulo lija sanalilembere mamailosi 3 ayi.

Akauntanti_77
Tiyeni tiitsate ndalamayo kuchokera kumutu. Cavnue inabadwa kuchokera ku Sidewalk Infrastructure Partners, kampani yomwe ndalama zake zoyambira zinachokera ku Alphabet, eni ake a Google, ndi thumba la penshoni la aphunzitsi a ku Ontario. Mu 2022 Cavnue inasonkhetsa madola 130 miliyoni ndipo Ford inali m'gulu la oikamo. Kachigawo koyeserera analipira ndi a kampaniwo, nchifukwa chake andale amatha kuima nkunena kuti wokhoma msonkho sanatulutse kanthu. Komatu thumba la penshoni silipereka mphatso, limaika ndalama pomwe likuyembekezera kuti ibwerera ndi phindu kwa zaka zambiri. Ibwerera kudzera kuti? Njira ndi zitatu basi, oyenda mu leniyo azilipira, kapena boma lizilipira kampaniyo chaka chilichonse chifukwa chosamalira njirayo ndi kupereka uthenga wa pa msewu, kapena azigulitsa uthengawo kwa opanga magalimoto ndi amathiraki. Yoyambayo ikufuna kuti magalimoto olipirawo akhalepo ambiri. Akapanda kubwera yotsala yodalirika ndi yachiwiri ndipo imeneyo ndi msonkho wanu a Ypsi.

Ndipo mvetsani chifukwa chimene maboma aku America amakopeka ndi zoterezi. Msonkho wa boma lalikulu pa petulo ndi masenti 18.4 pa galoni ndipo sunasinthe chiyambire 1993, pomwe mtengo wa simenti, chitsulo ndi antchito wakwera kangapo. Thumba la misewu lija la Highway Trust Fund kuyambira 2008 lakhala likuthiridwa ndalama kuchokera ku thumba lalikulu la boma kuti lisaume. Magalimoto atsopano amamwa mafuta ochepa, amagetsi samwa nkomwe. A Whitmer omwewo mu 2019 anafuna kukweza msonkho wa petulo ndi masenti 45 kuti akonze misewu, nyumba ya malamulo inakana. Nde munthu akabwera nkunena kuti ndibweretsa ndalama zanga, ndani angamubweze?

Wa_ku_Chipata
Kwathu ku Zambia tikuchita chimodzimodzi pa msewu wa Lusaka kupita ku Ndola, makilomita 327, pafupifupi madola 650 miliyoni, mgwirizano wa zaka 25 ndi kampani yomanga, ndipo gawo lalikulu la ndalama ndi ngongole yochokera ku NAPSA, penshoni ya ogwira ntchito. Anthu anakangana kwambiri za izi. Koma ine ndimati bola pamenepo chifukwa mathiraki a mkuwa ochokera ku Copperbelt ndi ku Congo alipo kale, ukaima pa Kabwe utha kuwawerenga ndi chala, olipira pa geti ndi odziwika. Ku Michigan akuwerengera magalimoto amene sanapangidwe.

Kabula_Boy
nde ife a pa mageti a Chingeni ndi Kalinyeke ku Malawi titani, tikulipira kuyambira 2021 levi ya mafuta tikulipiranso koma tayendani pa M1 nthawi ya dzinja muone

NyasaQueen
Kabula wanena zoona. Ine kulipira sindikana, chimene ndimafuna ndi choti pa geti pomwepo azimata chikwangwani kuti mwezi uno tatolera zakuti ndipo zagwira ntchito yakuti pa kilomita yakuti. A Roads Fund Administration akamatero anthu sangamadandaule. Ndipo anthu a njinga ndi oyenda pansi m'mbali mwa M1 awaganizire, m'ma trading centre monga pa Lizulu ndi pa Tsangano turn off tsiku la msika galimoto, njinga, kabichi ndi ana zonse zili pa tala pomwepo.

Kabula_Boy
leni yapadera imene tikufunika kwathu ndi ya kabaza basi

Injiniya_wa_Tala
Imeneyo ndiye ndingaisainire lero lomwe, ndipo ndi yotchipa kuposa zonse tikukambazi. Koma tiyeni tibwerere kwa a Ypsi tisawasiye m'malere.

Gogo_Sandiego
Ana anga ndinu achichepere nde mwina mukuona ngati izi zayamba ndi Google. Mu Ogasiti 1997 konkuno ku San Diego anachita chionetsero pa I-15, m'maleni aja apakati a magalimoto onyamula anthu angapo, mtunda wa mamailosi 7.6. Anakhomera timaginito mu msewu ndipo magalimoto a Buick asanu ndi atatu anayenda mondondozana pafupipafupi madalaivala manja ali m'mwamba. Zinatheka ndithu, zinaonetsedwa pa TV, boma ndi makampani monga General Motors anali limodzi. Pasanathe nthawi boma linasiya kupereka ndalama ndipo gulu lija linatha. Sikuti makina analephera ayi. Wopanga galimoto sakanaika zipangizo zodula pomwe msewu wa maginito ndi umodzi dziko lonse, ndipo boma silikanakhoma maginito m'misewu yonse pomwe galimoto zake kulibe. Aliyense amadikira mnzake.

China chimene amisewu kuno ku California sanaiwale ndi cha 1976, pomwe anatenga leni imene inalipo kale pa Santa Monica Freeway ku Los Angeles nkuisandutsa ya mabasi ndi magalimoto a anthu atatu kupita m'mwamba. Anthu anakwiya koopsa poona leni ili mbee iwo ataima, nkhani inakafika ku khoti ndipo patangotha masabata 21 zinathetsedwa. Kuchokera pamenepo anaphunzira kuti leni yapadera umachita kuonjezera yatsopano, yolanda anthu saikhululukira. Nde mwana wanga wa ku Ypsi mantha akowo ali ndi mbiri yake.

Ypsi_Ntcheu
Zikomo agogo, za 1976 zo sindimazidziwa. Ndipo mbali zambiri za I-94 kuno kuli maleni atatu mbali iliyonse, kuchotsapo imodzi ndi nkhani yaikulu.

Dalaivala_I45
ndilankhuleko zambiri pang'ono poti nkhaniyi kwa ine ndi ya nsima ya ana. ndimayendetsa thiraki kuno ku Texas ndipo njira yanga kawirikawiri ndi Dallas Houston. chaka cha 2025 mwezi wa Meyi kampani ya Aurora inalengeza kuti mathiraki ake ayamba kunyamula katundu pa I-45 popanda dalaivala, patapita masabata ochepa anabwezeramo munthu wongokhala kutsogolo kuyang'anira chifukwa opanga thirakiyo anapempha, koma yoyendetsa ndi kompyuta. funso langa kwa a Injiniya ndi ili, leni yapadera ili kuti pa I-45? palibe. akuyenda pakati pathu pomwepa ndi ma pickup ndi aliyense. Waymo, kampani ya mataxi odziyendetsa, ku Phoenix ndi ku San Francisco ikunyamula anthu m'misewu wamba ya m'tauni mopanda leni yake. makampaniwa anaona kale kuti akadikira boma kuti liwamangire msewu adzakalamba nde anapanga galimoto yoti izidzidalira yokha ndi makamera ake. tsono leniyo mukumangira ndani ngati eni ake akuyenda kale popanda iyo?

ndipo ndinene za mumtima, ine ndinalipira ndekha sukulu ya layisensi ya thiraki, ngongole ndinamaliza movutika, kunyumba ku Kasungu anthu akudya chifukwa cha chiongolero chimenechi. pa dizilo aliyense amene ndimathira pali msonkho wa msewu. kunditengera msonkho umenewo kukamangira njira makina odzandichotsa ntchito, zimenezo sindingavomere. akufuna leni alipire okha mpaka tambala yomaliza

Tech_Mphwanga
Achimwene ndikumva ululu wanu koma tisaiwale kuti ku America anthu pafupifupi 40,000 amafa pa msewu chaka chilichonse ndipo ngozi zambiri gwero lake ndi munthu, mowa, tulo, foni, liwiro. Kompyuta siledzera ndipo siodzera. Ngati leni yapadera ingafulumizitse kuti magalimotowa afike msanga ndiye kuti pali anthu amene akhala ndi moyo chifukwa cha iyo. China sikudikira, msewu wa Beijing kupita ku Xiong'an, makilomita pafupifupi 100, anaumanga maleni amkati atawakonzeratu kuti adzakhale a magalimoto odziyendetsa. Misewu ikuluikulu ya Interstate monga I-94 yomwe mukuyendamoyo pomwe pulezidenti Eisenhower amasaina lamulo lake mu 1956 panalinso ena amati nkuononga ndalama.

Dalaivala_I45
mphwanga wa ku China wo ndi msewu watsopano anaumanga patchire kupita ku mzinda watsopano, sanalande munthu leni. osasakaniza

MayiWakuLeeds
Ndipo zoti kompyuta siodzera tizinene mosamala. Ku Tempe, Arizona mu Malichi 2018 galimoto yoyeserera ya Uber inagunda ndi kupha mayi amene amaoloka msewu akukankha njinga. Galimoto yodziyendetsa ya Cruise, kampani ya General Motors, inakoka munthu pansi ku San Francisco mu Okutobala 2023 ndipo pofika Disembala 2024 GM inasiya kuikamo ndalama. Kampani ina ya magalimoto odziyendetsa, Argo AI, imene Ford ndi Volkswagen anathiramo ndalama zambiri inatsekedwa mu Okutobala 2022. Sindikunena kuti sizidzatheka, ndikunena kuti boma likamasaina mgwirizano wa zaka makumi angapo lidziwe kuti makampani a mbali imeneyi ena sakhalitsa.

Tech_Mphwanga
Mayi ngozi mwatchulazo zonse zinachitika m'misewu ya m'tauni mosakanikirana ndi anthu oyenda pansi, nde zikuikira kumbuyo mfundo ya leni yapadera osati kuitsutsa.

Injiniya_wa_Tala
@Dalaivala_I45 funso lanu ndi lomwe limatisowetsa tulo ife a ntchito imeneyi ndipo ndiyankha mosabisa. Galimoto imene ingathe kuyenda yokha mu leni yapadera basi ilibe phindu kwenikweni, chifukwa leni yakumanzere ili kutali ndi potulukira. Kuti ifikemo iyenera kudutsa maleni onse a anthu, potuluka chimodzimodzi, pokhapokha mutaimangira milatho yakeyake yolowera ndi yotulukira ndipo pamenepo mtengo umakwera kuposa wa makamera onse kuwaphatikiza. Nde ngati galimoto yatha kudutsa maleni a anthu bwinobwino ndiye kuti leni yapadera siikufunikira kuti iyende, ikungoithandiza kuyenda bwinoko. Pamenepo mwapambana.

Pomwe ndikuonabe phindu ndi pawiri. Ku Texas ndi ku Arizona kuli dzuwa, ku Michigan kumagwa chipale chofewa mizere ya pa msewu nkukwiririka, mchere ndi matope nkumata makamera a galimoto, nde thandizo lochokera m'mbali mwa msewu lili ndi ntchito. Kwinako ndi kwa MDOT yeniyeniyo, kudziwa mu mphindi yomweyo kuti pagwa chinthu kapena pabooka dzenje m'malo modikira munthu aimbe foni. Koma onani kuti ziwiri zonsezi zikufuna mapolo ndi masensa, sizikufuna kuthamangitsa a Ypsi mu leni. Kuika zipangizo ndi nkhani ina, kupatula leni ndi nkhani inanso, ndipo amene amazigulitsa amakonda kuzimanga mtolo umodzi.

Hamamatsu_265
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiloleni ndikuuzeni mmene achitira kuno ku Japan chifukwa ndikuona ngati anayamba ndi funso lolondola. Iwo sanayambe ndi kufunsa kuti tekinoloje tiionetse pati, anayamba ndi vuto loti madalaivala a mathiraki akuchepa ndipo ambiri ndi achikulire, kenako kuyambira Epulo 2024 lamulo linaika malire a ovataimu ya dalaivala pa maola 960 pa chaka, nde katundu wa pakati pa Tokyo ndi Osaka anyamula ndani? Mu Malichi 2025 anayamba kuyesa pa Shin-Tomei Expressway, makilomita pafupifupi 100 kuchokera pa malo opumulira a Surugawan-Numazu kufika pa a Hamamatsu. Leni imodzi yakumanzere, yomwe kuno ndi ya oyenda pang'onopang'ono, imakhala yoti mathiraki odziyendetsa ndiwo ali patsogolo, koma usiku wokha kuyambira 10 koloko mpaka 5 koloko m'mawa masiku a ntchito. Kukacha ndi leni ya aliyense. Sanathire konkire watsopano, anaika zikwangwani ndi zipangizo zouza thiraki za magalimoto pomwe ikulowa mu msewu ndi za zinthu zimene zagwa kutsogolo. Ndipo msewu umenewu ndi wolipira kale nde palibe amene akudabwa ndi geti. Zikakanika achotsa zikwangwani basi, palibe ngongole ya zaka 50 yotsalira ana.

Ypsi_Ntcheu
Izi nde zomveka. Usiku I-94 imakhala ndi mpata wambiri, atati atenge leni kuyambira 10 koloko ine sindingatsegule pakamwa.

Dalaivala_I45
kwa inu a magalimoto ang'onoang'ono nzomveka, kwa ife usiku ndi nthawi yathu yogwira ntchito. koma ndivomere kuti ku Japan ko madalaivala akusowadi. kuno amati tikusowa pomwe vuto ndi malipiro, anthu amalowa nkutuluka chaka chisanathe. kampani ina imene ndinayamba nayo inkatilipira pa mailosi, maola odikira kutsitsa katundu osawerengedwa, nde anyamata amathawa

Akauntanti_77
A Dalaivala muli ku Texas nde msewu wolipira wa SH 130 mukuudziwa, uja wodutsa kum'mawa kwa Austin wololedwa kuthamanga mamailosi 85 pa ola. Chigawo chakumwera chinamangidwa ndi kampani pa mgwirizano wa zaka 50, anatsegula mu 2012, magalimoto anabwera ochepa kuposa amene analosera ndipo mu 2016 kampaniyo inakagwada ku khoti kuti yalephera kubweza ngongole. Indiana Toll Road anaibwereketsa mu 2006 pa madola 3.8 biliyoni kwa zaka 75, mu 2014 oyendetsa ake nawonso anagwa. Amenewatu amalosera magalimoto wamba oti mbiri yake ilipo ya zaka zambiri ndipo anaphonyabe. Nanga wolosera kuti mu 2035 magalimoto odziyendetsa angati adzalipira pakati pa Ypsilanti ndi Detroit atsamira pa chiyani? Ndipo Cavnue yomweyo inapatsidwanso ntchito ya mathiraki pa SH 130 ndi a zamisewu aku Texas.

Kugwa kwa kampani pakokha sikuopsa ngati mgwirizano unalembedwa bwino, amaluza ndi amene anaikamo ndalama, msewu umatsala. Choopsa ndi timizere tija tobisika, toti magalimoto akachepa boma lidzaonjezera, kapena toti boma lisakonze msewu wina wapafupi wopikisana nawo popanda kulipira chipepeso. A Ypsi pakadzakhala msonkhano wa anthu funsani zimenezi, ndani aluza magalimoto akapanda kubwera, zipangizo zikakalamba asintha ndani, zithunzi ndi uthenga umene makamerawo akutola mwini wake ndani, ndipo boma likafuna kutuluka pakati pa njira lilipira zingati.

Namwino_Usiku
Pepani ndalowa mochedwa ndinali pa shifiti. Nonse mukukamba za anthu okhala ndi galimoto. Ine ndimagwira ntchito ku Ann Arbor ndipo anzanga ambiri otsuka, ophika ndi osamalira odwala sangakwanitse lendi ya Ann Arbor, amakhala ku Ypsilanti, Belleville, Romulus mpaka ku Detroit, ena galimoto alibe chifukwa inshuwalansi ya ku Michigan ndi yodula zedi. Mu 2016 anthu a m'maboma ang'onoang'ono anayi a dera lino la Michigan anavota za msonkho woyendetsera mabasi ndi sitima za dera lonse ndipo inagwa ndi mavoti ochepa kwambiri. Pano kuli basi ya D2A2 yochoka ku Detroit kupita ku Ann Arbor koma ikafika pa mzere wa magalimoto imaima ngati wina aliyense. Ngati leni yapadera ikubwera, basi imeneyi ilowemo tsiku loyamba, ya dalaivala yomweyi, pamodzi ndi magalimoto onyamula anthu angapo. Odziyendetsawo adzatipeza momwemo akadzachuluka. Pomwe amalengeza mu 2020 ankanena kuti adzayamba ndi mabasi ndi timabasi tonyamula anthu, ine ndikudikira pamenepo.

Injiniya_wa_Tala
Achemwali mwanenazi ndi zomwe ndikanalemba ndikanapatsidwa ntchitoyi. Leni ya mabasi ndi ya anthu angapo imadzadza kuyambira tsiku loyamba nde palibe amene akwiye poiona ili mbee, ndipo malamulo aku America amalola kale kuti leni yotere muzilowetsamo ena olipira. Kulipiritsa leni wamba ya Interstate imene inali yaulere nkovuta kwambiri pa malamulo a boma lalikulu. Kenako mutha kuika muyezo, kuti magalimoto odziyendetsa akafika gawo lakuti la onse odutsa ndi pomwe tikambe zowapatulira.

Tech_Mphwanga
Koma mukatero mwabwezeramo madalaivala aanthu mu leni ndipo phindu lija loyenda moyandikana latha. Mwangopanga leni ya basi yokhala ndi makamera.

Namwino_Usiku
Eya, ndipo anzanga afika kuntchito pa nthawi yake. Vuto lili pati?

Joni_Mangochi
chimene ndingaonjeze nchoti afunse anthu ASANASAINE. kuno anatifunsa zimageti zitaima kale

Wa_ku_Chipata
@Akauntanti_77 funso lapambali, penshoni ya aphunzitsi aku Canada ikaluza pa zoterezi aphunzitsiwo amamva kuwawa? Ndikufunsa chifukwa cha NAPSA yathu.

Akauntanti_77
Thumba la Ontario ndi lalikulu kwambiri, madola aku Canada oposa 200 biliyoni omwazikana m'maiko ambiri, nde kamtengo kamodzi kakagwa nkhalango siidziwa. NAPSA ndi yaing'ono poyerekeza ndipo ndalama imene yaika pa Lusaka Ndola ndi gawo looneka ndithu la chuma chake, nchifukwa chake kwanuko mukuyenera kumafunsa malipoti a zotolera pa mageti chaka ndi chaka.

Ypsi_Ntcheu
Ndalemba mafunso a Akauntanti onse anayi ndipo ndaonjezapo la a Namwino la basi ndi la a Hamamatsu loti bwanji osayamba ndi usiku. Ndiwatumiza kwa phungu wa dera lathu ku Lansing, likulu la Michigan. A Namwino ngati anzanu a kuntchito angafune kusaina nawo kalatayo ndiuzeni ku inbox, ikachokera kwa anthu ambiri amaiwerenga msanga.

Dalaivala_I45
muonjezepo lachisanu ndi chiwiri, thiraki yopanda munthu ikaphulika tayala mu leni yakumanzere pakati pa chipale chofewa amene akaike ma triangle kumbuyo kwake ndani, ndipo bilu ya breakdown ipita kwa ndani